Kukaikitsa Lamba ku Orange Farm

Amuna anga, a Yusufu, anathyoka mwendo chifukwa cha tcheni cha njinga. Ku Joni kuno ntchito yawo ndi yoperekera anthu zakudya zoitanitsa pa foni, makamaka cha ku Rosebank, ndipo amayendera njinga yamagetsi. Si yogula m'sitolo ayi. Ndi njinga yakale yachitsulo imene anaimangirira mota pakati, pamene pali mapedulo, batire n'kukhala pa felemu. Vuto lake linali lakuti motayo imakoka mwamphamvu kuposa mmene tcheni chingapirire. Mwezi sunkatha asanabwere kunyumba akukankha, manja ali bii ndi girisi. Tsiku la ngoziyo tcheni chinaduka ali chiimire pa mapedulo pokwera mtunda, iwo n'kugwera mumsewu, galimoto imene inali pambuyo n'kuwaponda mwendo wakumanja. Kuchipatala anawaika chikhakha kuyambira kuphazi mpaka kupitirira bondo.

Timakhala ku Alexandra, m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya eni, ife awiri ndi mwana wathu Shakira, amene nthawiyo anali asanayambe sukulu. Ine ndimagwira ntchito ya m'nyumba ku Rosebank, koma malipiro anga okha sakanatha kutisunga. Mnzawo wina wa kwathu ku Ntaja anavomera kuti aziyendetsa njingayo mpaka iwo atachira, azigawana zimene wapeza, koma ananeneratu kuti sakwera njinga ya tcheni chimene chathyola kale munthu. Apa m'pamene a Yusufu anakumbukira a Sakala, mmisiri wa ku Zambia wokhala ku Orange Farm, amene amachotsa tcheni n'kuika lamba. Pa foni a Sakala anati ali ndi lamba mmodzi ndi tayala lakumbuyo lokhala ndi magiya m'kati mwa habu, zogwirapo kale ntchito koma zabwinobwino, ndipo pali wina amene akuzifunanso. Atisungira mpaka Lachinayi basi. Lachinayi ndilo tsiku langa lopuma, choncho wopita ndinali ine.

"Mukangowapatsa njingayo, inu n'kukhala pansi," anatero a Yusufu m'mawa wa tsikulo, akundionetsa kachotsedwe ka tayala lakutsogolo. "Pobwera mukwere takisi ngati popita. Tchaja musaiwale. Magetsi azima usiku, batireli silinadzaze, mukalitchaje komweko."

Shakira ndinamusiya akugona. Batire ndi tchaja ndinaziika m'chikwama chobereka, koma ndinachiberekera kutsogolo, pachifuwa, monga amachitira aliyense wodutsa m'tauni ya Joni.

Pa renki ya matakisi ya ku Alex madalaivala ankangoyang'ana njingayo n'kupukusa mutu. Wina anati idetsa mipando, wina sanandiyankhe n'komwe. Amene anavomera anati ndilipire mpando wonse wakumbuyo. Ndinachotsa tayala, anyamata a pa renki n'kuilowetsa chopingasa, ine n'kukhala mopanikizika pakona, pedulo itandikanikiza pabondo. Anthu opita kuntchito ankatembenuka kundiyang'ana ngati ndine ndawachedwetsa. Mpaka m'tauni sindinatsegule pakamwa. Chizulu ndimachimva, koma ndikangolankhula mawu awiri aliyense amadziwa kuti si wakuno.

Tinatsikira pa renki ya Noord, koma matakisi a ku Orange Farm amakwerera pa renki ina, ya Bree. Ndinabwezera tayala ndi kuyamba kukankha, tcheni choduka nditachikulunga m'pepala. Njinga yamagetsi ndi yolemera ngakhale ilibe batire, ndipo m'misewu imeneyo munthu umayenda mozemba matebulo a ogulitsa. Pamphambano ina panali apolisi ataimitsa anyamata angapo, akuwaona mapepala. Pasipoti yanga masiku anali atatha kale. Ndinalowa kumbuyo kwa bambo wina amene ankakankha ngolo ya kabichi, ndinaweramitsa mutu ngati ndikuyang'ana tayala, n'kudutsa. Thukuta linali litanyowetsa mpango wa kumutu ulendo usanayambe n'komwe.

Ku Bree ndinadikira nthawi yaitali. M'mawa anthu amachoka ku Orange Farm kubwera m'tauni, opita kumeneko amakhala ochepa, ndipo takisi sinyamuka isanadzaze. Ndinalipiranso mpando wakumbuyo, ndikuganiza kuti zithandiza, koma mipando yakutsogolo inangokhala yopanda anthu. Patsogolo panga panakhala mayi wina wochokera ku ntchito ya usiku, maso ali psuu ndi tulo. Anayang'ana njingayo, kenako ine.

"Ukupita nayo kwathu imeneyi? Ya magetsi?" anandifunsa m'Chingerezi chosakaniza ndi Chizulu. "Kwathu kulibe magetsi, sisi. Chigawo chathu tayiwala kuti babu limawala bwanji. Nyama ndinataya yonse ya m'firiji. Anthu atopa, akuti lero atseka msewu."

Dalaivala anaseka n'kunena kuti anthu a ku Orange Farm amanena zimenezo tsiku lililonse. Koma titadutsa Eldorado Park ndi Lenasia pa msewu waukulu uja amati Golden Highway, kusekako kunatha. M'mbali mwa msewu munali matayala akale ataunjikidwa, ndipo amuna ena ankagubuduza miyala kuchokera m'tchire. Anali asanaiike pamsewu. Anangoima kutiyang'ana tikudutsa.

A Sakala anadzandichingamira pamsewu. Anali bambo wamfupi, wa imvi m'ndevu, atavala ovololo yong'ambika m'mawondo. Ntchito yawo amagwirira m'shedi ya malata kuseri kwa nyumba. Anaigadamitsa njingayo, matayala m'mwamba, nachotsa tayala lakumbuyo ndi zotsalira za magiya akale zimene zinapindika pa ngozi ija. Kenako ananditambasulira lamba uja kuti ndimugwire. Anali wakuda, wopepuka, wa mano m'kati mwake.

"Uyu, amai, safuna girisi, sachita nguwe, dzimbiri mwa kwanu," anatero m'Chinyanja cha kwawo. "Mota imudonse bwanji, saduka wambawamba."

Anatenga choko n'kulemba kamzere pa kachitsulo kakang'ono kamene kamachokera pansi pa chishalo kutsikira ku tayala lakumbuyo, mbali yakumanja.

"Manje apa nizajuba."

"Mutani?"

"Kujuba. Kudula."

Ndinayesa sindinamve bwino. Anandifotokozera modekha kuti tcheni chili ndi polumikizira, umachimasula n'kuchilowetsa m'felemu. Lamba ndi wozungulira ngati chibangili, alibe pomasula. Kuti alowe, felemuyo ndiyo iyenera kutseguka. Adula pamenepo, awotcherere tizitsulo tiwiri togwirana ndi mabawuti, kuti tsiku losintha lamba azingomasula.

"A Yusufu akudziwa zimenezi?"

"Ninaganiza adziwa. Sitinakambepo."

Ndinadziwa kuti sakudziwa. Pa njinga yonseyo, felemu ndi chinthu chokhacho chimene ankachinyadira. Ankati matayala, mabuleki ndi matcheni zonse zinawakhumudwitsapo, koma chitsulo chimenecho ayi. Ndinawaimbira. Foni yawo inali yozima. Magetsi ku Alex anali asanayake. Ndinaimbiranso mayi woyandikana nafe amene ndinamupempha kuti aziyang'anako Shakira, koma sanayankhe.

"Nanga ikadzathyokera podulapo, munthu ali pamsewu?" ndinafunsa.

A Sakala anapukuta manja pa ovololo. "Sinizakunamizani, amai. Chitsulo chojubiwa ni chojubiwa. Koma zamene n'napanga kale palibe inabwerapo yothyoka. Mukakana, nimvera. Nizakuikirani tcheni chatsopano, mubwerere."

Ndinakhala pa ndowa yovundikira n'kuyang'ana kamzere ka choko kaja. Kubwerera ndi tcheni kunali kubwerera ndi njinga imene palibe akanaikwera. Kuvomera kunali kudula chinthu cha mwini, mwini wake asakudziwa, ali gone ndi mwendo wothyoka. Ndinayesanso foni kachiwiri. Yozima.

"Dulani," ndinatero.

Sizinatenge nthawi. Makina odulira analira, moto unathetheka, kachidutswa kachitsulo n'kugwera pansi. Njinga ya a Yusufu inali ndi mpata woti chala n'kulowa. A Sakala analumikiza batire langa ku magetsi, nakokera pafupi makina owotcherera. Akuvala magalasi akuda, wailesi imene inkaimba m'nyumba inangoti zii. Kagetsi ka pa tchaja kanazima.

Poyamba a Sakala anati ndi kuzima kwa masiku onse, magetsi abwera posachedwa. Akazi awo anandipangira tiyi pa chitofu cha palafini, tinakhala pakhonde. Ndinkamwa tiyiyo maso ali ku shedi, kumene njinga inali chigadamire, yodulidwa. Dzuwa linakwera. Munthu wina wodutsa anauza a Sakala kuti si kuzima wamba, china chake chapsa ndipo dera lonse lathima. Pa foni panga netiweki inayamba kuchepa mpaka inasoweratu. Chakumpoto, kumene tinachokera, kunayamba kukwera utsi wakuda.

"Ngati magetsi sabwera lero?" ndinafunsa.

A Sakala analowa m'shedi, ndipo ndinawamva akusuntha zitsulo. Potuluka anali ndi wilibala. Anati kumsewu kuli bambo wa ku Mozambique wokonza mapaipi a utsi a galimoto, amene amawotcherera ndi gasi, osati magetsi. Tinakweza njingayo pa wilibala, iwo akukankha, ine nditagwirira mbali yodulidwayo kuti isapindike pa mabampu. Tinam'peza bamboyo akutseka, akuti akuopa kuti anthu akatenthedwa mitu adzamulanda mabotolo a gasi. A Sakala anamunyengerera nthawi yaitali m'chilankhulo chimene sindinachimve. Pomaliza anawapatsa chowotchereracho, iye n'kukaima pamsewu kuyang'ana uku ndi uku.

A Sakala anakuta mota ndi chiguduli chonyowa, nagwada. Lawi linali labuluu, ndipo mkuwa unasungunuka n'kulowa mozungulira tizitsulo tija. Ine ndinagwira felemu ndi manja awiri monga anandiuzira, kutentha kukufika m'zala, osayerekeza kusuntha. Atamaliza anadikira kuti pazizire pokha. Anakana kuthirapo madzi ngakhale mwini gasi ankatithamangitsa.

Kubwerera ku shedi, analowetsa lamba pa mpata uja, namanga mabawuti, naika tayala latsopano. Kukoka lambayo ndiko kunadya nthawi. Ankamukoka, n'kumukhudza ndi chala ngati chingwe cha gitala, kumvetsera, kumasula, kuyambiranso. Akazunguza tayala n'kuona kuti lamba akutsamira mbali imodzi, ankayambiranso. Nditatsala pang'ono kulira ndi kuchedwako, anaitembenuza njingayo, naikwera kuzungulira bwalo. Sipankamveka phokoso lililonse, matayala okha pa mchenga.

Pa renki ya ku Orange Farm tinapeza matakisi ataima mzere, madalaivala atakhala pansi pa mthunzi. Msewu unali utatsekedwa m'malo angapo, ndipo wina amene anayesa kuzemba anabwerera galasi litaswedwa. Panalibe wonyamuka, kaya ulipire mipando yonse.

"Mugone kwathu, amai, mailo muzayenda," anatero a Sakala, kutanthauza mawa.

Ndinaganizira a Yusufu, amene sakanatha kunyamula ngakhale ndowa ya madzi, ndi Shakira, ndi kuti onse sakudziwa kumene ndili. Ndinaganiziranso abwana anga a ku Rosebank, amene anali atandichenjeza kale chifukwa cha masiku amene ndinajomba amuna anga ali m'chipatala. Ndikanagona, panalibenso chitsimikizo chakuti m'mawa msewu utseguka.

"Batireli lingandifikitse?"

Anayang'ana kagalasi ka pa handulo. Timizere tosonyeza moto tinali pakati. "Mukachova na mphamvu yanu, mota izingothandizako pang'ono, kapena. Nanga munachovapo njinga?"

Ndinapalasapo, koma kalekale, ku Ntaja, ndikunyamula chimanga kupita kuchigayo. Anandionetsa mabatani owonjezera ndi kuchepetsa mphamvu, nandiuza kuti posintha giya ndiziyamba ndaleka kupalasa, ndiponso kuti magiyawo amasintha ngakhale utaima. Akazi awo anandibwereka buluku la ovololo kuti ndivale m'kati mwa diresi, a Sakala n'kundipatsa chipewa cholimba chakale chimene ndinavala pamwamba pa mpango. Nditangoponda pedulo, njingayo inalumpha ngati wina wandikankha kumsana, ndipo ndinatsala pang'ono kulowa mu mpanda wa eni. Ndinazungulira kangapo mpaka ndinaizolowera, n'kutsanzika.

Golden Highway yopanda galimoto ndi msewu woopsa kuposa yodzaza. Ndinkangomva mpweya wanga ndi kulira kwa mota pansipansi. Pa bampu iliyonse mtima unkapita pa mabawuti aja, ndikudikira kumva kuthyoka. Malo oyamba otsekedwa ndinapeza miyala yokha ndi phulusa, anthu atachokapo, ndipo ndinadutsa chokankha. Achiwiri panali amayi akuimba, sanandilabadire. Achitatu, cha ku Ennerdale, ndinawaonera patali: matayala akuyaka kuchokera mbali ina ya msewu kufika inayo, ndi khamu la anthu. Njira yolambalala panalibe, kumanzere mpanda, kumanja ngalande.

Ndinatsika n'kuyamba kukankha m'mphepete, maso pansi. Ndinali nditatsala pang'ono kupitirira pamene dzanja linagwira handulo. Anali mwamuna wamtali, atamanga sikipa kukamwa chifukwa cha utsi, chibonga chili m'dzanja linalo.

"Uyaphi, sisi?" Ankafunsa kumene ndikupita.

"Ekhaya," ndinayankha. Kunyumba. Ndinasankha liwu limodzi lokha kuti lilime lisandiulule.

"Ekhaya kuphi? Khuluma kahle." Ankafuna ndinene bwinobwino kuti kwathu n'kuti.

Ndinati ku Alex. Anaseka, naitana anzake kuti adzamve mmene ndatchulira. Anabwera angapo n'kundizungulira. Wina anagogoda batire ndi ndodo, nanena kuti taonani, iwo akugona mumdima pamene obwera akuyenda ndi magetsi pa njinga. Wina anafunsa ngati batirelo lingayatse babu ndi kutchaja mafoni. Wamtali uja analigwedeza, naona kuti ndi lokhoma.

"Letha ukhiye." Ankafuna kiyi.

Kiyiyo inali pa chingwe m'khosi mwanga, m'kati mwa diresi. Ndinapukusa mutu ngati sindikumva. Anandipisa m'thumba la chikwama cha pachifuwa, natulutsa foni yanga, naiika m'thumba mwake osaiyang'ana n'komwe. Mayi wina wachikulire anakuwa chapatali kuti andisiye, iwo abwerera magetsi osati akazi a eni, koma palibe anatembenuka. Mwamunayo anayamba kupotokola batire kuti alithyole pa felemu. Ine manja anga anali pa mahandulo, ndipo sindikudziwa chifukwa chake sindinawachotse. M'mutu mwanga munalibe pemphero lililonse lathunthu, dzina la Mulungu lokha.

Kenako kunamveka kuphulika kumbuyo kwathu, kawiri motsatizana. Galimoto yachitsulo ya apolisi, ija amati nyala, inali ikubwera kuchokera kumwera, ikuwombera zipolopolo za labala ndi utsi wokhetsa misozi. Anthu anabalalika. Mwamuna uja anasiya batire koma anagwirabe keliyala. Ndinaponya mwendo pa njinga, chala n'kukanikiza batani lowonjezera mphamvu mpaka kumapeto, n'kuponda pedulo ndi thupi lonse. Njinga inanyamuka mwaukali. Anathamanga nane masitepe angapo akukoka, kenako ndinamva kupepuka. Ndinadutsa pampata wa pakati pa tayala loyaka ndi ngalande, moto ukundiwawula kumwendo. China chake chinandimenya paphewa, kaya mwala kaya chipolopolo, sindinatembenuke. Maso ankawawa, misozi ili chuchuchu, msewu ndikuuona mwa chizimezime, koma sindinaime mpaka phokoso lonse litatsalira kutali.

Nditakumbukira kuchepetsa mphamvu, timizere ta batire tinali titatsika kwambiri. Posakhalitsa handulo inayamba kulemera. Tayala lakutsogolo linali likuphwa. Waya wa matayala opsa aja unali utalibaya.

Ndinakankha mpaka ku Lenasia, phewa likugunda ngati lili ndi mtima wakewake. Pa shopu ina ya matayala a galimoto panali bambo wachikulire wovala kofia, akutsuka malimu a matayala. Ndinawapatsa salamu, ndipo poyankha anandiyang'anitsitsa.

"Mayi, ndinu a kumudzi inu. Kwanu n'kuti?"

Ndinangokhala pansi pomwepo. Anali Che Amidu a ku Mangochi, amene agwira ntchito pa shopuyo zaka zambiri. Sanandifunse zambiri. Anandipatsa madzi akumwa ndi osamba m'maso, nakalankhula ndi mwini shopu, amene anali ndi magetsi a dzuwa, ndipo analola kuti batire lilumikizidwe. Chubu Che Amidu anachimata osachotsa tayala, monga amachitira akabaza kwathu. Atafika kumbuyo anaima, akuyang'ana lamba.

"Tcheni chili kuti?"

"Achotsa lero. Ndi chimene ndinapitira."

Anapukusa mutu. "Mwayi wanu laphwa ndi lakutsogolo. Lakumbuyoli sindikanadziwa poyambira."

Anandipatsa foni yawo kuti ndiimbire kunyumba, ndipo m'pamene ndinazindikira kuti nambala ya amuna anga sindiidziwa pamtima. Anali atasintha posachedwa, ine n'kungoisunga m'foni. Nambala yokhayo imene inabwera m'mutu inali ya mayi anga ku Ntaja, ndipo iwo sindikanawaimbira ndi mawu amene ndinali nawo. Che Amidu anati ndisavutike mtima, pali gulu la pa foni la anthu a kumudzi okhala ku Joni. Anajambula mawu: mkazi wa Yusufu wa ku Ntaja, wokhala ku Alex, anakumana ndi zovuta pamsewu wa ku Orange Farm, amulanda foni, koma ali bwino, ali ku Lenasia, akubwera. Odziwa Yusufu amuuze.

Ndinaswali kuseri kwa mulu wa matayala, pa katoni. Kenako ndinakhala kuyang'ana kagetsi ka tchaja ndi mthunzi wa khoma umene unkatalika. Batire lotere limafuna maola kuti lidzaze, ndipo ine maolawo ndinalibe. Che Amidu ankati ndidikireko pang'ono, ine ndikuti mdima usandipeze m'tauni. Tinakoka nkhaniyo mpaka ndinadzuka ndekha n'kuzula tchaja. Anandiperekeza mpaka pamsewu, nandiuza njira: ndisakhote mpaka Southgate, ndilowere ku Booysens, ndipo m'tauni ndisaime ngakhale wina andiitane.

Kuchokera pamenepo msewu unali wotseguka, ndipo mantha anasintha mtundu. Malole ankadutsa pafupi moti mphepo yake inkandikankhira kunja kwa tala. Matakisi ankaima mwadzidzidzi patsogolo panga, ena akuimba hutala kumbuyo. Ndinaika mota pa mphamvu yochepetsetsa, ntchafu zikuyaka. Pa maloboti a ku Booysens ndinaima ndili pa giya yolemera, ndipo ndinakumbuka mawu a a Sakala akuti magiya amenewa amasintha ngakhale utaima. Ndinapotoza, n'kunyamuka bwinobwino pakati pa galimoto. Kanali koyamba tsiku limenelo kuti ndiikhulupirire njingayo.

M'tauni ndinadutsa anthu akuweruka, ndipo sindinayang'ane munthu kumaso. Batire linathera pa mtunda wokwera cha ku Hillbrow. Kagalasi kanangozima, njinga n'kulemera ngati ndanyamula matumba awiri a chimanga. Malo amenewo si otsika n'kumakankha mkazi uli wekha. Ndinaika giya yopepukitsitsa, n'kuimirira pa mapedulo, monga anaimirira amuna anga tsiku lija. Ndinkamva lamba akukokeka pansi panga, ndikudikira kuti china chake chiduke. Palibe chinaduka. Pamwamba pa mtundawo ndinasanza madzi a Che Amidu m'mbali mwa msewu, n'kupitiriza. Louis Botha yambiri ndi yotsetsereka, ndipo inanditenga yokha kudutsa Orange Grove mpaka ndinakhotera mu London Road dzuwa litangolowa.

Kunyumba ndinapeza chitseko chokhoma. Shakira anali kwa mayi woyandikana nafe uja, akudya buledi. Mayiyo atandiona anagwira pakamwa.

"Amuna ako apita kukakufuna. Kunabwera uthenga pa foni kuti akumenya, uli m'chipatala ku Lenasia. Ndinawaletsa, sanamve. Atenga ndodo zawo, akuti akakwera takisi."

Mawu a Che Amidu anali atadutsa m'makutu ambiri asanafike. Kuchokera kwathu kukafika pa renki ndi mtunda wokwera wokhawokha, ndipo munthu wa chikhakha anali asanayendepo kupitirira pa mpopi wa pabwalo. Ndinamuuza Shakira kuti ndikubwera, n'kutembenuza njinga. Kukwera sindikanathanso. Ndinakankha.

Ndinawapeza atakhala pa kreti ya zakumwa pakhomo pa renki, mwendo wa chikhakha atautambasula, chidendene chake chitanyenyeka ndi kukhukhuzika pa tala. Ndodo imodzi inali itathyoka. Ankalankhula ndi dalaivala wina, akumupempha kuti awatengere ku Lenasia, dalaivalayo akungoyang'ana kumbali. Nditaima patsogolo pawo, anayamba ayang'ana buluku la ovololo, kenako chipewa, kenako nkhope yanga. Anandigwira dzanja, n'kulitembenuza uku ndi uku ngati akufuna bala.

"Akuti munali m'chipatala."

"Ndinali pa shopu ya matayala. Foni ndiyo yapita. Tiyeni kunyumba, mwana ali kwa eni."

Kuyenda sakanatha, m'khwapa monse munali mutasupuka ndi ndodo. Dalaivala uja ndi mnzake anawanyamula n'kuwakhazika pa keliyala chammbali, chikhakha chitaloza kunja, ndodo yotsalayo ili pamiyendo. Ine ndinagwira mahandulo n'kuyamba kutsika nawo pang'onopang'ono, anthu akutipatsa njira. Pofuna pogwirira, dzanja lawo linapita pansi pa chishalo, n'kutsetsereka pa kachitsulo kaja mpaka linakafika pa mabawuti. Ndinaona zala zikupapasa, kubwerera, kupapasanso.

"Apa adula."

"Adula. Lamba sakanalowa. Ndinakuimbirani, foni yanu inali yozima. Ndinawauza ndine kuti adule."

Tinadutsa ogulitsa nyama yootcha, tinadutsa pa saluni, ine phewa likuwawa, ndikudikira kuti anena chiyani.

"Nanga takisi munaipeza kuti, poti akuti msewu unatsekedwa?"

"Kunalibe takisi."

"Ndiye mwabwera bwanji?"

"Ndi yomweyi mwakhalirayi."

Ndinamva njinga ikugwedezeka pamene anatembenuka kuti andione. Sindinawayang'ane, maso anga anali pa maenje a mumsewu. Patapita kanthawi anakoka mphuno, n'kupukuta kumaso ndi mkono wa malaya.

"Gwirani buleki, mayi a Shakira," anatero ndi mawu osasa. "Apa m'potsetsereka. Mungandigwetse, ndatsala ndi mwendo umodzi."